Kuphunzira pa Intaneti Mosadzipweteka Komanso Mosapweteka Anzanu: Malangizo kwa Wophunzira wa Maphunziro Apatali

Sukulu zitatsekedwa m'dziko muno pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, aphunzitsi ndi ophunzira ambiri adalowa m'kalasi ya pa intaneti popanda wowalangiza kuti m'menemo amakhalamo bwanji. Sukulu zidayamba kutsegulidwanso mu Sepitembala chaka chomwecho, koma zida zimene tidaziphunzira mokakamizika zija sizidachokenso. Lero munthu amene akuchita maphunziro apatali ku yunivesite ya Mzuzu, ku LUANAR kapena ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi amaonana ndi aphunzitsi ake maso ndi maso kwa nthawi yochepa chabe, ndipo miyezi yotsalayo sukulu yake imakhala m'thumba, mu foni imene amalandirirapo manotsi, kufunsirapo mafunso ndi kuperekerapo ntchito.

Buku la pamanja munthu amangoliwerenga. Silimuyankha, silisunga zimene walankhula, ndipo siliuza wina aliyense kuti walitsegula nthawi yanji. Moodle (tsamba la sukulu loikapo manotsi, ntchito ndi mayeso), WhatsApp, Zoom, Google Docs ndi ChatGPT ndi zosiyana kwambiri ndi buku, chifukwa zimayankha, zimakumbukira, ndipo tsidya linalo la sikirini yanu kuli anthu enieni amene ali ndi data yawo, nthawi yawo ndi ulemu wawo. Malangizo ali m'munsiwa achokera pa mfundo imeneyi, ndipo ndawaika motsatira mmene zinthu zimayendera kuyambira tsiku limene mwalandira akaunti kufikira tsiku lopereka ntchito.

Choyamba, tsekani khomo la akaunti yanu

Tsiku limene sukulu yakupatsani dzina lolowera ndi pasiwedi, sinthani pasiwediyo musanachite china chilichonse. Pasiwedi zoyambira kawirikawiri zimakhala zofanana kapangidwe kake kwa ophunzira onse, kotero mnzanu amene akudziwa nambala yanu ya pasukulu savutika kuganizira yanu. Sankhani mawu atatu kapena anayi osagwirizana amene inu nokha mungawakumbukire, muonjezerepo manambala, ndipo mupewe chaka chanu chobadwa, dzina la mwana wanu kapena nambala yanu ya foni. Mukalowa pa kompyuta ya ku ofesi, ya pamalo osindikizira mapepala kapena pa foni ya mnzanu, musavomere kompyutayo ikafunsa kuti isunge pasiwedi, ndipo pomaliza tulukani ndithu podina Log out, chifukwa kungotseka tsamba sikutseka akaunti.

WhatsApp ikufunika chisamaliro chapadera, popeza ndi pamene akuba amadzera. M'gulu lina la kalasi limene ndidalimo, mayi wina adalandira uthenga wooneka ngati wochokera kwa mnzathu wa m'kalasi momwemo, wonena kuti wawatumizira manambala asanu ndi imodzi molakwitsa ndipo akupempha kuti amubwezere. Mayiwo adali pa mzere wa kuchigayo, adakopera manambalawo mwachangu n'kutumiza, ndipo pofika kunyumba WhatsApp yawo idali itatuluka mu foni yawo. Madzulo a tsikulo anthu a m'gulu lathu adayamba kulandira mauthenga a m'dzina lawo, opempha ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba ati mwana wagonekedwa m'chipatala, ndipo ena adatumizadi chifukwa mayiwo adali munthu wokhulupirika. Manambala amene amabwera pa SMS aja ndi kiyi wa akaunti yanu. Palibe mphunzitsi, adimini kapena wogwira ntchito ku kampani ya mafoni amene ali ndi chifukwa chowafunira. Lowani mu Settings, kenako Account, mutsegule Two-step verification ndi kuika PIN yanuyanu ya manambala asanu ndi imodzi. Ntchito imeneyi satha nayo mphindi zitatu, koma imatchinga wakuba ngakhale atapeza manambala a pa SMS aja.

Musabwereke munthu akaunti yanu ya Moodle, ngakhale akhale m'bale wanu amene akungofuna kutengako manotsi. Pulogalamuyi imalemba nthawi imene akaunti yalowa, tsamba limene yatsegula ndi fayilo imene yatumiza, ndipo zonsezo zimawerengedwa kuti mwachita ndinu.

Chachiwiri, funsani kuti njira yovomerezeka ndi iti

M'sabata yoyamba funsani mphunzitsi wa phunziro lililonse mafunso atatu: zilengezo zenizeni azidzaika kuti, ntchito izidzaperekedwa kudzera pati, ndipo amalola kufunsidwa mafunso pa njira iti komanso nthawi zanji. Safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani iyi phulalo ndi kumva pa WhatsApp kuti tsiku lopereka asainimenti alisuntha, pamene pa Moodle silidasinthe. Uthenga wa mnzanu ukasemphana ndi zimene zalembedwa pa tsamba la sukulu, tsatirani tsamba la sukulu kufikira mphunzitsi mwini atanena.

Chachitatu, konzani za data, magetsi ndi nthawi, zanu ndi za anzanu

Bandulo ya WhatsApp yokha sitsegula Moodle, Zoom kapena YouTube, choncho werengerani ndalama ya bandulo ya intaneti yonse pa masiku a kalasi ndi a mayeso. Mu WhatsApp, pitani pa Storage and data ndi kuletsa foni kuti isamadzitsitsire yokha zithunzi, makanema ndi mafayilo. Mudzadabwa kuona kuti data yambiri imene mumati yabedwa imathera pa makanema amene simudawapemphe. Ngati sukulu yanu yalola, ikani pulogalamu ya Moodle ya pa foni, imene imakupatsani mwayi wotsitsa zophunzira pamene netiweki ili bwino ndi kudzaziwerenga popanda intaneti. Amene muli kumadera kumene netiweki imagwira pachulu kapena pansi pa mtengo umodzi wodziwika, sankhani tsiku limodzi pa sabata loti mutsitse zonse za sabatayo, ndipo tchajani foni ndi pawabanki dzulo lake la kalasi, osadalira kuti magetsi a ESCOM adzakhalapo pa ola limenelo.

Pali mbali ina imene ambiri saiganizira, ndiyo yakuti chilichonse chimene mwaponya m'gulu chimadya ndalama za anthu ena. Kanema wa 30 MB akatsitsidwa ndi anthu 200 amadya 6,000 MB, ndipo pakati pa anthuwo pali mphunzitsi wa kupulayimale amene wagula bandulo yake podula ndalama ya ndiwo. Musajambule masamba makumi awiri a buku ndi kuwatumiza chithunzi chimodzichimodzi; aphatikizeni akhale PDF imodzi yopepuka, muipatse dzina lomveka losonyeza phunziro ndi mutu wake, ndipo lembani mzere umodzi wofotokoza zimene zili m'katimo kuti munthu asankhe yekha kutsitsa kapena ayi.

Chachinayi, liikireni malamulo gulu la WhatsApp lisanasokonekere

Gulu limodzi la WhatsApp limatha kutenga anthu okwana 1,024, ndipo gulu lalikulu lopanda malamulo silichedwa kusanduka msika. Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi yokhala ndi magulu awiri: lina la zilengezo, limene maadimini okha ndi amene amalembamo, ndi lina la zokambirana, limene aliyense amayankhulamo. Malamulo alembedwe pa malo ofotokozera gulu kuti wolowa kumene awapeze, ndipo asachuluke: nkhani za phunziro zokha, maola olembera, kuletsa malonda, ndale ndi mauthenga ongopatsirana amene palibe akudziwa gwero lake. Za maliro ndi matenda a m'kalasi zili ndi malo ake, ndipo ndi chikhalidwe chathu kudziwitsana, koma uthenga umodzi wa adimini ndi wokwanira, ndipo zopepesa zipite kwa mwini wake mwachindunji kuti chilengezo cha mayeso chisakwiririke.

Pofunsa funso, lembani mawu m'malo mojambula mawu a pakamwa. Uthenga wolembedwa munthu amauwerenga ali mu minibasi kapena m'chipinda cha aphunzitsi, amaupezanso mosavuta pakatha mwezi, ndipo mnzathu amene ali ndi vuto la kumva amapindula nawo. Uthenga wa mawu wa mphindi zisanu umafuna malo achete, data ndi kuleza mtima. Poyankha, dinani pa uthenga umene mukuyankhawo kuti zidziwike kuti mukunena za funso liti. Mukafuna kuti gulu lisankhe tsiku kapena ola, gwiritsani ntchito Poll, njira yovotera ya mu WhatsApp, osati kuti anthu zana alembe aliyense yankho lake.

Nkhani yolemera kwambiri pano ndi ya manambala a foni. Munthu akalowa m'gulu la kalasi, nambala yake imaonekera kwa anzake, ndipo adaipereka chifukwa cha sukulu basi. Kutenga nambala ya mayi kapena mtsikana wa m'gululo ndi kuyamba kumutumizira mauthenga achikondi usiku, kumuimbira pa vidiyo kapena kumuika m'magulu ena iye asadavomere ndi nkhanza, ndipo ndaona amayi akutuluka m'magulu a kalasi chifukwa cha zimenezi, n'kumaphonya zilengezo zofunika pamene wolakwayo akadali momwemo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lidaika kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa intaneti pakati pa milandu, ndipo popeza masimukadi adalembetsedwa ndi zitupa, wochita izi asaganize kuti ndi wobisika. Zikakuchitikirani, musafufute mauthengawo: jambulani sikirini yoonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, mutsekereni munthuyo, dziwitsani adimini ndi ofesi yoona za ophunzira, ndipo zikapitirira kadandauleni kupolisi. Adimini nayenso asamaponye linki yolowera m'gulu pa Facebook. Ikafalikira, aisinthe podina Reset link, ndipo atsegule zoti wolowa aliyense aziyamba wavomerezedwa.

Mukakwiya ndi magiredi kapena ndi mphunzitsi, musalembe m'gulu nthawi yomweyo. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wa pa WhatsApp umatsata munthu msanga, chifukwa ngakhale mutafufuta uthengawo, wina amakhala atajambula kale sikirini. Dandaulo lili ndi njira yake, kudzera kwa woimira kalasi kapena m'kalata yaulemu yopita kwa mwini nkhani.

Chachisanu, lowani m'kalasi ya Zoom kapena Google Meet monga mmene mumalowera m'kalasi ya njerwa

Lowani kukadali mphindi zisanu kapena khumi, mulembe dzina lanu lenileni m'malo mwa dzina la mtundu wa foni yanu, ndipo tsekani maiki musanakhale pansi. Tsiku lina mphunzitsi wathu adali pakati pofotokoza mfundo yovuta pamene kalasi yonse idayamba kumva bambo wina akukambirana ndi akunyumba kwawo za ngongole ya banki m'khonde, kutchula dzina la wokongoza ndi kuchuluka kwa ndalama. Palibe adaseka, tonse tidamva chisoni, ndipo bamboyo sadayankhulenso m'kalasi kwa masabata angapo. Yang'anani kachizindikiro ka maiki nthawi iliyonse mukamaliza kuyankhula, ndipo mukhale ndi chizolowezi choti chala chibwerere pomwepo.

Kamera imadya data yambiri kuposa mawu, moti ola limodzi la vidiyo likhoza kutha theka la GB kapena kupyola, pamene la mawu okha limadya kagawo kochepa chabe. Ngati mphunzitsi sadalamule kuti makamera atsegulidwe, itsekeni, ndipo muitsegule pamene mukuyankhula. Mukaitsegula, onani kaye zimene zili kumbuyo kwanu, makamaka ana ndi anthu ena a pakhomo amene sadavomere kuonekera kwa alendo. Musanagawe sikirini yanu, tsekani masamba ena onse ndi kuletsa mauthenga olowa kuti asamaonekere pamwamba. Gwiritsani ntchito batani lokwezera dzanja, ndipo funso limene lingadikire mulilembe pa malo olembera mauthenga.

Amene mukukonza kalasi kapena zokambirana za gulu dziwani kuti pa akaunti yaulere, Zoom imadula msonkhano pakatha mphindi 40, ndipo Google Meet imadula wa anthu atatu kapena kuposerapo pakatha mphindi 60; uzani anthu pasadakhale chochita zikatero. Kujambula kalasi kumathandiza kwambiri anzathu amene netiweki idawataya, koma pemphani kaye chilolezo kwa mphunzitsi, dziwitsani onse kuti mukujambula, ndipo chojambulacho chisatuluke kunja kwa kalasiyo. Kudula kachidutswa kamene mnzanu adalakwitsa Chingerezi ndi kukaika pa TikTok kumaphetsa mtima wofunsa mafunso m'kalasi yonse.

Chachisanu ndi chimodzi, pa ntchito ya pagulu lembani mbali yanu ndipo musafufute ya mnzanu

Mu Google Docs, pulogalamu imene anthu angapo amalemberamo chikalata chimodzi pa intaneti, perekani mphamvu yosintha zolemba kwa anthu a m'gulu lanu okha potchula maimelo awo, osati kwa aliyense amene ali ndi linki. Mukaona cholakwika m'ndime ya mnzanu, ikani ndemanga pambali kapena gwiritsani ntchito Suggesting kuti mwini wake aone ndi kuvomereza. Version history imaonetsa amene adalemba chiyani ndi nthawi yake, choncho imateteza amene adagwira ntchito ndi kuulula amene adangobweretsa dzina. Pa bwalo la zokambirana la Moodle, kulemba kuti mukugwirizana ndi mnzanu sikukwanira. Nenani chifukwa chake, perekani chitsanzo cha kumene mukugwira ntchito, kapena funsani funso limene lingapititse nkhani patsogolo.

Chachisanu ndi chiwiri, AI ikhale yokufunsani mafunso, osati yokulemberani

Kampani ya OpenAI idatulutsa ChatGPT, chida cha AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) choyankha mafunso ndi kulemba nkhani, mu Novembala 2022, ndipo mu Epulo 2024 Meta AI idafika mu WhatsApp ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kotero lero chida chotha kulemba nkhani ya masamba asanu m'kamphindi chili pa foni yomweyo imene muli gulu la kalasi. Kuti muchigwiritse ntchito bwino, muyenera kudziwa mmene chimagwirira ntchito. Zida zimenezi zidaphunzitsidwa pa zolemba zochuluka kwambiri, ndipo poyankha zimalumikiza mawu amene akuoneka kuti ndi oyenera kutsatana. N'chifukwa chake zimatha kulemba bodza ndi chidaliro chofanana ndi chimene zimalembera zoona, mpaka kupeka dzina la buku, la wolemba ndi chaka chimene bukulo lidatuluka. Vutoli limakula pa nkhani za kwathu kuno ndi pa Chichewa, chifukwa zolemba zathu pa intaneti ndi zochepa. Yesani nokha: ifunseni za mbiri ya ufumu wa kwanu kapena tanthauzo la mwambi umene mumaudziwa bwino, muone mmene imasakanizira zoona ndi zopeka popanda kukuchenjezani.

Yambani ndi kuwerenga malamulo a sukulu yanu ndi kufunsa mphunzitsi ngati amalola AI pa ntchito imeneyo, ndiponso mpaka pati, chifukwa aphunzitsi amasiyana ngakhale pa sukulu imodzi. Akaletsa, nkhani yathera pomwepo. Akalola, werengani kaye modyulo yanu ndi kulemba pa pepala mfundo zanu musanatsegule chidacho, kuti mukhale ndi muyeso woyezera zimene chikuuzeni. Kenako chipatseni ntchito zimene zimakulitsa nzeru zanu: chifotokoze mfundo yovuta m'mawu osavuta, chikufunseni mafunso khumi pa mutu umene mwawerenga ndi kudikira mayankho anu, chikuonetseni pamene mfundo zanu zafooka, kapena chikuuzeni chifukwa chake chiganizo chanu cha Chingerezi chalakwika m'malo mongochikonza. Dzina lililonse, chaka chilichonse ndi nambala iliyonse imene chakupatsani muitsimikize m'modyulo, m'buku kapena pa tsamba la bungwe loyenera, ndipo buku limene simudalione ndi maso anu musaliike pa mndandanda wa mabuku amene mwagwiritsa ntchito. Pomaliza tsekani chidacho, mulembe nokha m'mawu anu, ndipo pansi pa ntchitoyo nenani mwachidule chida chimene mudagwiritsa ntchito ndi chimene chidakuthandizani.

Ine ndimakhulupirira kuti chiopsezo chachikulu pa nkhaniyi si kugwidwa ayi, koma kusagwidwa. Munthu amene wadutsa zaka zinayi akupereka ntchito zimene sadaziganize amalandira pepala, kenako amakaima pamaso pa ana 80 a Fomu 3, kapena pambali pa bedi la wodwala, kapena m'munda wa mlimi amene chimanga chake chagwidwa ndi mbozi, ndipo pamenepo mutu umafunika kukhala ndi kanthu. Muyeso wosavuta ndi uwu: ngati simungathe kufotokoza ndime imene mwapereka, pakamwa, foni ili m'thumba, ndiye kuti ndimeyo si yanu ndipo muyenera kubwerera ku modyulo. Zomwezi zikukhudzanso kulipira munthu kuti akulembereni asainimenti, ndi magulu amene amalonjeza likasa mukatumiza ndalama. Ambiri mwa amenewa ndi akuba, ndipo ngakhale pepalalo litakhala lenileni, khoswe wa padenga amaulula wa padzala, popeza foni ya mmodzi ikagwidwa, manambala a onse a m'gululo amakhala pamenepo.

Sukulu zina zimadutsitsa ntchito mu Turnitin, pulogalamu yothandiza kufufuza ngati munthu wakopera zolemba za ena. Peresenti imene pulogalamuyi imaonetsa ndi ya mawu ofanana ndi zolemba zina, kuphatikizapo mawu amene mwawagwira molondola ndi mayina a mabuku, choncho si chigamulo pachokha. Woweruza ndi mphunzitsi. Zida zoyesa kuzindikira zolemba za AI nazonso zimalakwitsa, ndipo zikhoza kuloza munthu wosalakwa. Chitetezo chanu ndi umboni wa mmene ntchito idakulira: sungani pepala la mfundo zanu, mafayilo oyambirira okhala ndi masiku ake, kapena lembani mu Google Docs kuti mbiri ya zolembazo ikuikireni umboni.

Chachisanu ndi chitatu, musaike zinsinsi za anthu ena m'zida zimenezi

Ophunzira ambiri apatali ali kale pa ntchito, ndipo zitsanzo za m'maasainimenti awo amazitenga kuntchitoko. Mphunzitsi amajambula kaundula wa magiredi a ana kuti anzake amuthandize kuwerengera, namwino amajambula khadi la wodwala kuti afunse za mankhwala, wofufuza amakopera mayankho a anthu a m'mudzi pamodzi ndi mayina awo n'kuwaika mu ChatGPT kuti iwasanje. Onsewa cholinga chawo ndi chabwino, koma atulutsa zinthu zimene eni ake sadalole, ndipo zikalowa m'gulu kapena m'makompyuta a kampani yakunja simungathenso kuzibweza. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection, limene bungwe la MACRA limayang'anira, ndipo nkhani za umoyo ndi za ana zimafuna kusamalidwa mwapadera. Musanatumize, chotsani mayina, nkhope, manambala a foni ndi a zitupa, ndi chilichonse chimene chingachititse munthu wa m'deralo kuzindikira kuti mukunena za yani. Lembani kuti Wophunzira A kapena Wodwala B. Chithunzi cha ana a m'kalasi mwanu chisapite m'gulu lililonse popanda chilolezo cha mphunzitsi wamkulu ndi makolo. Manotsi ndi makanema a aphunzitsi anu nawonso ali ndi eni ake, ndipo si oti muziwagulitsa kapena kuwaika pa masamba ena.

Chachisanu ndi chinayi, pa tsiku la mayeso ndi lopereka ntchito tsimikizani kuti zafikadi

Mayeso a pa Moodle akakhala ndi malire a nthawi, wotchi yake imayendera ku makina a sukulu, osati pa foni yanu, choncho netiweki ikaduka nthawi imapitirira kutha. Musayambe mayeso muli pa ulendo, batire lili pafupi kutha kapena bandulo itatsala pang'ono. Pitani pa malo amene mukudziwa kuti netiweki imakhazikika, khalani ndi simukadi ya kampani inayo ili ndi data ngati mungakwanitse, ndipo uzani a pakhomo kuti asakuimbireni, chifukwa pa mafoni ena kuimba kumadula intaneti. Netiweki ikaduka, musachite mantha: lowaninso msanga ndi kupitiriza, popeza mayankho a masamba amene mudadutsa kale amakhala atasungidwa. Mukamaliza, dinani Finish attempt, kenako Submit all and finish. Lembani nokha, chifukwa nthawi imene munthu aliyense adayamba, adayankha ndi kumaliza imaoneka kwa mphunzitsi.

Pa asainimenti, cholakwika chimene chimapweteka anthu ambiri osalakwa ndi chaching'ono. Chidandichitikira ine m'chaka changa choyamba: ndidakweza fayilo kukadali masiku awiri, ndidadina Save changes, ndidaona dzina la fayilo yanga pa sikirini ndipo ndidabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Patatha masabata atatu magiredi a anzanga adatuluka, anga ayi, ndipo nditabwerera pa tsambalo ndidapeza palembedwa kuti Draft, kutanthauza kuti ntchitoyo idali isadaperekedwe. Mphunzitsi adaika kuti wophunzira azidinanso Submit assignment, ndipo ine sindidatsike m'munsi mwa tsamba kuti ndilione batanilo. Kuyambira pamenepo sindichoka pa tsamba ndisadaone mawu akuti Submitted for grading, ndipo pa Google Classroom, tsamba linanso loperekerapo ntchito, ndimaonetsetsa kuti ndadina Turn in.

Perekani ntchito kukadali tsiku limodzi, chifukwa pa ola lomaliza anthu mazana amalimbirana tsamba limodzi ndipo limalemera. Isungeni ngati PDF pokhapokha mphunzitsi atanena mtundu wina, ipatseni dzina lokhala ndi nambala yanu ya pasukulu ndi ya phunzirolo, ndipo mukaikweza itsitseninso ndi kuitsegula kuti muone ngati ndi fayilo yoyenera komanso ngati masamba onse alimo. Jambulani sikirini yoonetsa kuti yalandiridwa, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi, musunge chithunzicho kufikira magiredi atatuluka. Tsamba likakana kutsegula nthawi isadakwane, jambulani uthenga umene likuonetsa, ndipo nthawi yomweyo tumizani imelo kwa mphunzitsi ndi ku ofesi yothandiza za makompyuta, yokhala ndi dzina lanu lonse, nambala yanu, dzina la phunziro, nthawi imene vutolo lidachitika, chithunzi chija ndi fayilo ya ntchitoyo, kenako pitirizani kuyesa kukweza pa tsambalo kufikira litalola kapena mphunzitsi atakuyankhani.